Bwalo la pinki ku Sydney: Glenn McGrath ndi anamwino amene Jane anawafuna

Kalata ya sabata ino yachokera ku Johannesburg, kwa mayi wina wakwathu amene amagwira ntchito yosamalira agogo ena aamuna okonda kiriketi kwadzaoneni. Ndaidula pang'ono, koma mtima wake ndi uwu:

"Agogo amene ndimawasamalirawa akamaonera kiriketi amafuna ndikhale nawo pafupi. M'mwezi wa Januwale tinkadzuka m'mamawa kuonera masewera a ku Sydney, ndipo bwalo lonse linali la pinki: anthu, zipewa za osewera, ngakhale timitengo tija amatigenda ndi mpira. Panali bambo wina wamtali atavala jekete la pinki, aliyense akumugwira chanza. Agogo anangoti ameneyo ndi Glenn McGrath, mkazi wake anamwalira ndi khansa ya m'mawere. Zinandikhudza chifukwa akulu anga kumudzi anawachotsa bere chaka chatha. Kodi bamboyu ndi ndani, analidi katswiri? Nanga zapinkizi zimathandizadi odwala, kapena ndi njira chabe ya anthu otchuka yoti dzina lisazilale akasiya masewera?"

Achemwali, pepani ndi matenda a akulu anu, ndipo zikomo chifukwa chofunsa mosapsatira mawu. Yankho langa lalifupi ndi lakuti inde, analidi katswiri, mmodzi mwa oponya mpira oopsa kwambiri amene masewerawa anakhalapo nawo. Ndipo zapinki za ku Sydney ndimazikhulupirira. Sindizikhulupirira chifukwa choti McGrath ndi woyera mtima, ayi, muona pansipa kuti ali ndi zake. Ndimazikhulupirira chifukwa ndalamazo zili ndi ntchito imodzi yodziwika, yoti mutha kuiloza ndi chala, ndipo ntchitoyo anaiganiza ndi munthu amene anadwala yekha.

Ndiyambe ndi masewerawo, kuti manambala amene ndikupatseni akhale ndi tanthauzo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Woponya amathamanga n'kuponya mpira wolimba wachikopa molunjika timitengo titatu tija, ndipo womenya amaima kutsogolo kwa timitengoto ndi thabwa lake, kutiteteza komanso kumenya mpirawo kuti apeze marani, omwe ndi mapointi a masewerawa. Timitengo tikagwa, kapena mpira womenyedwa ukagwidwa usanagunde pansi, kapena womenya akatchinga ndi mwendo mpira wopita pa timitengo, watuluka, ndipo amati woponyayo watenga wiketi. Masewera aatali amene munaonera aja amatchedwa Test, ndipo amatha kutenga masiku asanu.

Glenn McGrath anabadwa pa 9 February 1970 ku Dubbo, m'chigawo cha New South Wales ku Australia, n'kukulira pa famu pafupi ndi katawuni ka Narromine, makilomita oposa 400 kuchokera ku Sydney. Ndi dera la tirigu ndi nkhosa, louma, lotalikirana nyumba. Ali mnyamata ankadziphunzitsa yekha kuseri kwa shedi, akugenda mgolo wachitsulo m'malo mwa timitengo. Anzake a m'deralo sankamuona ngati wodzapita patali. Amene anamuona ndi Doug Walters, katswiri wakale wa timu ya Australia, atabwera kudzasewera kumidziko. Ali ndi zaka 19 anasamukira ku Sydney kukasewera ku kalabu ya Sutherland, ndipo kwa chaka chathunthu ndi kanthu ankagona m'kalavani, masana akugwira ntchito ku banki. Anali wamtali pafupifupi mamita awiri, wowonda, miyendo ngati ya njiwa, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Pigeon, limene lamukakamira mpaka lero. Mu November 1993 anasewera Test yake yoyamba ku Perth, kulimbana ndi New Zealand, atangosewerako masewera akuluakulu 8 okha a m'dziko mwawo.

Chimene chinkasokoneza anthu pa iye n'chakuti sankaoneka woopsa. M'nthawi yake kunali anyamata ngati Shoaib Akhtar wa ku Pakistan ndi Brett Lee mnzake wa ku Australia, oponya mpira wothamanga kuposa makilomita 150 pa ola. McGrath ankaponya wocheperapo liwiro ndithu. Mphamvu yake inali pa malo amene mpira unkagwera. Ankaugwetsa pamalo amodzi, kunja pang'ono kwa kamtengo kakumapeto, pomwe womenya sadziwa ngati aumenye kapena ausiye upite. Akausiya, mwina ukhota n'kugwetsa timitengo. Akaumenya, mwina ukhotera kwina, n'kungokhudza m'mphepete mwa thabwa, n'kugwera m'manja mwa oyembekeza kumbuyo. Chifukwa cha kutalika kwake mpirawo unkadumphanso kuposa mmene womenya wayembekezera. Ndiye ankabwereza zomwezo, m'mawa, masana, madzulo, mawa lakenso, mpaka munthu atatopa mtima n'kulakwitsa. Michael Atherton, kaputeni wa England, anatulutsidwa ndi McGrath ka 19 m'masewera a Test, ndipo palibe woponya wina amene anatulutsapo munthu mmodzi kambiri chonchi. Brian Lara wa ku West Indies, amene ambiri amati panalibe womenya mokongola ngati iye, anamugonjera ka 15.

Manambala ake ndi awa. M'masewera a Test 124 anatenga mawiketi 563, ndipo pa wiketi iliyonse ankaluza marani 21.64 okha, chimene m'kiriketi ndi chuma cha mtengo wapatali. Palibe woponya mpira waliwiro amene anamuposa mpaka 2018, pamene James Anderson wa ku England anadutsa nambalayo. M'masewera a tsiku limodzi 250 anatenga mawiketi 381. Anapambana chikho cha dziko lonse katatu motsatizana, mu 1999, 2003 ndi 2007, ndipo m'mipikisano ya chikhochi anatenga mawiketi 71. Komweko ku South Africa, ku Potchefstroom mu 2003, anatulutsa anthu 7 a timu ya Namibia ataluza marani 15 okha. Ku Lord's, bwalo lolemekezeka la ku London, anatulutsa 8 ndi marani 38 mu 1997. Mu 2000 ku Perth anatulutsa anthu atatu pa mipira itatu yotsatizana, ndipo wapakati anali Lara yemweyo, amene anali wiketi yake ya 300. Kumenya mpira ndiye sinali mbali yake: anatuluka ka 35 osapeza rani ngakhale imodzi, ndipo tsiku limene anamenya 61 kulimbana ndi New Zealand mu 2004, anzake anasangalala ngati wamenya 200.

Agogo anuwo mukawafunsa za 2005 akuuzani nkhani iyi. Australia inali ku England pa mpikisano wakalekale wa mayiko awiriwa wotchedwa Ashes. Masewera oyamba ku Lord's, McGrath anawasambwadza Angelezi, Australia n'kupambana. M'mawa wa masewera achiwiri ku Edgbaston, akutenthetsa thupi, anaponda mpira umene unali pansi n'kubinya mwendo pa kakolo. Sanasewere, ndipo England inapambana ndi marani awiri okha. Anaphonyanso masewera achinayi chifukwa cha chigongono, England n'kupambananso. Masewera awiri okhawo amene iye kunalibe ndi amene Australia inagonja, ndipo chikho chinapita. Patatha chaka ndi theka anabwezera, kugonjetsa England masewera onse asanu, ndipo pa bwalo lomwe munaliona la pinki lija, mu January 2007, McGrath anatsanzika masewera a Test pamodzi ndi anzake a m'timu, Shane Warne ndi Justin Langer. Mpira wake womaliza weniweni unatulutsa munthu, ndipo munthuyo anali Anderson uja amene anadzamuposa pambuyo pake. Miyezi ingapo kutsogolo anamaliza zonse ku West Indies ndi chikho cha dziko lonse m'manja, atasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisanowo, ali ndi zaka 37.

Tsopano za mbali ina ija. Pa bwalo McGrath anali wapakamwa. Timu ya Australia ya nthawi imeneyo inali ndi chizolowezi chonyoza womenya kuti asokonezeke maganizo, ndipo iye anali m'gulu la otsogolera. Mu May 2003 ku Antigua anamulankhula mawu onyansa Ramnaresh Sarwan wa ku West Indies. Sarwan anabweza, n'kutchula mkazi wake. McGrath anapsa mtima koopsa, kumuloza ndi chala, dziko lonse likuonera. Apa n'kuti mkazi wakeyo atangopezekanso ndi khansa, moti iye anali atafika mochedwa pa ulendowo. Ululu wake ndi womveka, koma woyamba kutukwana anali iyeyo, ndipo pambuyo pake anavomera kuti khalidwe lake silinali labwino. Mu 2015 kunatulukanso zithunzi za ulendo wosaka nyama umene anapita ku Zimbabwe mu 2008, ataima pafupi ndi njovu, njati ndi afisi akufa. Anthu anakwiya, ena mpaka kunena kuti asiya kupereka ndalama ku bungwe lake. Iye anapepesa, nati ngakhale ulendowo unali wololedwa ndi malamulo, sunali woyenera. Ndakuuzani izi dala, chifukwa funso lanu ndi la kukhulupirira munthu, ndipo simungamuyeze bwino mutangomva zokoma zokha.

Nkhani ya pinki ndi ya Jane. Jane Steele anali wa ku England, wobadwira ku Paignton, ndipo ankagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege za Virgin Atlantic. Anakumana ndi Glenn ku Hong Kong mu 1995. Mu 1997, asanakwatirane n'komwe, Jane anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Anali ndi zaka 31. Anamuchotsa bere, monga akulu anu, n'kulandira mankhwala amphamvu aja othothola tsitsi komanso chithandizo chowotcha khansa ndi makina. Glenn sanathawe. Anakwatirana mu 1999, ndipo anabereka ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ngakhale panali mantha akuti mankhwala aja awononga mwayi wa mphatso. Mu 2003 khansa inabwerera, ulendo uno m'mafupa. Mu 2006 inapezeka mu ubongo, ndipo Glenn anasiya kiriketi kwa miyezi yambiri kuti akhale pakhomo, pa msinkhu umene wosewera akachoka nthawi zambiri sabwereranso. Jane anamwalira pa 22 June 2008 ali ndi zaka 42, ana akadali ku pulayimale.

Pakati pa kudwala koyamba ndi kwachiwiri panali kusiyana kumodzi kumene Jane sanakuiwale. Koyamba kuja, iye ndi Glenn anayenda okha mumdima. Madokotala analipo, mankhwala analipo, ndalama zinalipo, koma akachoka m'chipinda cha dokotala ankabwerera kunyumba ndi mafunso opanda womufunsa. Kachiwiri, chipatala chinamupatsa namwino wophunzira mwapadera za khansa ya m'mawere, amene ankamudziwa dzina, ankadziwa mbiri ya matenda ake, ndipo ankayankha foni. Jane ananena kuti zinali ngati wina wamugwira dzanja pa nthawi yoopsa kwambiri ya moyo wake, ndipo namwinoyo anamulola kukhalanso mayi, mkazi wa mwini ndi bwenzi, osati wodwala chabe. Kenaka anafunsa funso limene munthu wolemera safuna kudzifunsa: ngati ine, mkazi wa katswiri wotchuka, wokhala mu Sydney, ndinadikira zaka zonsezi kuti ndipeze munthu wotere, nanga mayi wa kumafamu?

M'menemo ndi mmene munabadwira McGrath Foundation mu 2005. Anaiyambitsa ndi Jane ndi Glenn, pamodzi ndi mnzake wapamtima wa Jane, Tracy Bevan, amene wakhala m'bungweli kuyambira pachiyambi. Onani chaka chimenecho, achemwali. Glenn anali asanasiye masewera, dzina lake linali pamwamba, ndipo Jane anali moyo. Bungweli silinayambike kuti wopuma pa ntchito apeze chochita, kapena ngati chipilala cha womwalira. Mwini ululu ndiye analipatsa ntchito, ndipo anakhala nalo zaka zitatu akuliwongolera asanatsikire kuli chete. Mu January 2008, miyezi isanu Jane asanamwalire, boma la Australia linawapatsa onse awiri ulemu wa Order of Australia.

Ntchitoyo ndi yopapatiza dala. Bungweli silimanga zipatala. Limasonkhanitsa ndalama zolipira anamwino ophunzira za khansa, n'kuwaika m'zipatala zimene zilipo kale, makamaka za m'matawuni aang'ono ndi kumidzi. Wodwala salipira kalikonse, ndipo safunika kalata ya dokotala kuti aonane ndi namwinoyo, atha kungoimba foni. Namwinoyu amakhalapo tsiku limene munthu akuuzidwa zotsatira, ndipo mawa lake, mutu utazizira, amamufotokozeranso zimene dokotala ananena m'mawu oti amve. Amamukonzera masiku okumana ndi dokotala wa opaleshoni, wa mankhwala ndi wa makina, kuti asayende ulendo wa tsiku lathunthu n'kukapeza kuti wasemphana nawo. Amaona bala. Amadziwa kusanza kumene kuli kwa mankhwala chabe ndi kutentha thupi kumene kukufunika kuthamangira kuchipatala usiku womwewo. Amaphunzitsa za kutupa kwa mkono kumene kumabwera akachotsa timabulu ta m'khwapa. Amalankhula ndi mwamuna, amene nthawi zambiri amangokhala chete ndi mantha ake, ndipo amathandiza makolo kupeza mawu ouzira ana. Matenda akafika posachiritsika, samusiya munthuyo.

Muyenera kudziwa kukula kwa Australia kuti muone chifukwa chake izi zili zofunika. Anthu ambiri anaunjikana m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja, ndipo akatswiri a khansa ali komweko. Mayi wa kumadera akutali akumidzi amayenda maola ambiri kuti akalandire chithandizo, n'kubwerera kumudzi kumene kulibe amene akudziwa za mankhwala amene wamwa. Glenn ndi mwana wa kumeneko, ndipo akamanena za kutalika kwa mtunda amanena chimene mayi ake ndi anansi ake amachidziwa. Bungweli linayamba ndi anamwino owerengeka pa zala. Boma la Australia linayamba kuikapo ndalama zake kuyambira 2008, ndipo pambuyo pake bungweli linadziikira cholinga cha anamwino 250 pofika 2025. M'chaka chomwecho cha 2025 linalengeza kuti anamwino ake ayamba kusamalira odwala khansa ya mtundu uliwonse, osati ya m'mawere yokha. Kwa ine, kulowapo kwa boma ndi umboni waukulu kuposa chithunzi chilichonse cha jekete la pinki. Boma likamaika ndalama za misonkho pa ntchito imene anaiyambitsa ndi banja limodzi, ndiye kuti banjalo linaloza dzenje lenileni limene unduna wa zaumoyo unkalidumpha.

Masewera a pinki anayamba mu January 2009, patangopita miyezi isanu ndi umodzi Jane atamwalira, ndipo alendo oyamba kusewera anali a South Africa. Kuyambira pamenepo Test ya chaka chatsopano ku Sydney Cricket Ground imakhala ya pinki, ndipo tsiku lachitatu limatchedwa Jane McGrath Day. Osewera a matimu onse awiri amavala zipewa za pinki, kuzisayina n'kuzipereka kwa Glenn ndi banja lake kuti zikagulitsidwe kwa wopereka zambiri. Pamene matenda a Covid anachepetsa anthu olowa m'bwalo mu 2021, anayamba kugulitsa mipando ya pinki ya pa intaneti, yoti munthu agule ali kunyumba m'dzina la m'bale wake, ndipo njirayi yakhalapobe. Makalabu aang'ono ndi masukulu m'dziko lonselo amachitanso masewera awoawo ndi timitengo ta pinki.

Tibwere pa kukayika kwanu, chifukwa kuli ndi maziko. N'zoona kuti mtundu wa pinki wasanduka malonda m'mayiko ambiri. Pali makampani amene amamata kariboni ka pinki pa katundu wawo n'kupereka kachidutswa kochepa, ndipo pali osewera opuma amene amatsegula bungwe, kujambulitsa akupereka mabulangete, chaka chamawa osamvekanso. N'zoonanso kuti dzina la McGrath silinazilale, ndipo pinkiyo wathandizapo. Ana a ku Australia amene sanamuonepo akuponya mpira amamudziwa ngati bambo wa jekete lija. Sindikana zimenezo. Koma sindiona cholakwa dzina likamagwira ntchito yotere. Kutchuka ndi katundu amene wosewera amatuluka naye m'bwalo, ndipo adzamugwiritsa ntchito basi, kaya kutsatsa mowa ndi juga, kaya kulipira namwino. Komanso McGrath sankasowa pogwira. Kuyambira 2012 wakhala akutsogolera MRF Pace Foundation ku Chennai, m'dziko la India, sukulu yosula oponya mpira waliwiro, kumene analowa m'malo mwa Dennis Lillee, katswiri wakale woponya mpira wa ku Australia. Amaulutsanso masewera pa wailesi ndi pa kanema. Akanatha kulira maliro ake mwakachetechete n'kupitiriza moyo.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi mtengo umene amalipira. Chaka chilichonse, sabata yoyamba ya Januwale, munthuyu amaima pamaso pa makamera n'kufotokozanso mmene mkazi wake anadwalira ndi mmene anamwalirira. Wachita zimenezi kuyambira 2009. Anakwatiranso mu 2010, kwa Sara Leonardi, ndipo ali ndi mwana wina wamkazi. Kwathu tikudziwa kuti banja latsopano likayamba, dzina la malemu limatchulidwa motsitsa mawu, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Banja ili linasankha kulisiya dzinalo pamwamba pa bwalo lonse, ndipo ana a Jane, amene tsopano ndi akuluakulu, amaima nawo pamenepo. Mayi wolowa m'banja lotere ayenera kukhala ndi mtima waukulu, ndipo ulemu umene anthu amapereka kwa Glenn ndimaona kuti gawo lina ndi lake.

Chitsanzochi chinawolokanso nyanja. Andrew Strauss, kaputeni wakale wa England, anataya mkazi wake Ruth mu December 2018 ndi khansa ya m'mapapo ya mtundu wogwira anthu osasuta, ndipo kuyambira 2019 bwalo la Lord's limasanduka lofiira tsiku limodzi pa chaka m'dzina lake. Bungwe la Strauss limathandiza mabanja kukonzekeretsa ana pamene kholo likumwalira. Awiriwa ankalimbana koopsa pa Ashes, koma pa ichi anagwirana dzanja.

Ndisakunamizeni kuti zimene zikuchitika ku Australia tingangozinyamula n'kuzitula kwathu. Namwino wa McGrath amagwira ntchito m'dziko limene makina opimira alipo, mankhwala alipo, ndipo boma limalipira gawo lalikulu la chithandizo. Iye amalumikiza zinthu zimene zilipo kale. Kwathu amayi ambiri amafika kuchipatala chotupa chitakula, atayamba ayenda kwina, ndipo vuto loyamba ndi kupimidwa msanga. Komabe chosowa chimene Jane anachiona ife timachidziwa bwino kuposa iwo. M'zipatala zathu wodwala aliyense amabwera ndi womudikirira, amene amagona pansi, kuphika kuseri kwa wodi, kuchapa ndi kutembenuza wodwala. Chimene wodikirira wathu alibe ndi chidziwitso: sanauzidwe chimene mankhwala achite m'thupi, sadziwa chizindikiro choopsa, ndipo amaopa kufunsa dokotala amene ali ndi mzere wa anthu panja. Namwino mmodzi wodziwa za khansa, wokhala ndi nthawi yolankhula ndi odikirirawa, angasinthe zambiri ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi kumanga nyumba. Mbewu zake zilipo kale. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli Tiyanjane, ndipo ku Salima kuli Ndi Moyo, kumene anakuyambitsa ndi namwino wa ku Malawi, Lucy Finch. Malo amenewa amathandiza kuchepetsa ululu ndi kulangiza mabanja a odwala matenda aakulu, ndipo munthu sayenera kudikira kuti zifike povuta kuti akapemphe uphungu wawo.

Za akulu anu, chimene mungachite muli kutali ndi ichi. Pemphani amene amawaperekeza kuchipatala kuti apeze namwino mmodzi wa ku kiliniki ya khansa amene angamudziwe dzina, ndipo azilemba mafunso papepala asananyamuke, chifukwa pamaso pa dokotala mutu umauma. Afunse za masiku obwereranso kukapimidwa, ndipo asawaphonye ngakhale akumva bwino. Ngati anapatsidwa mapiritsi omwa kwa zaka zingapo, asawasiye pakati. Ayang'anire mkono wa mbali imene anachita opaleshoni, ukayamba kutupa kapena kulemera akanene msanga. Ndipo inu mukamaimba foni, musamangofunsa ngati ndalama zafika. Afunseni mmene akudzionera akavula, mmene alamu anu akuwatengera, zimene zimawasowetsa tulo. Mayi wochotsedwa bere amakhala ndi nkhani zimene sangauze ana ake kapena apongozi, koma angauze mng'ono wake.

Komwe muliko kulinso pinki wakewake. Kuyambira 2013 timu ya South Africa yakhala ikusewera masewera a tsiku limodzi itavala pinki pa bwalo la Wanderers, mu Johannesburg momwemo, ndipo ndalama zake zakhala zikuthandiza kiliniki ya matenda a m'mawere ya pa Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital. Agogo anuwo akumbukira tsiku la mu January 2015 pamene AB de Villiers, atavala pinki, anamenya marani 100 pa mipira 31 yokha kulimbana ndi West Indies. Chipatala chimenecho ndi cha boma, ndipo cha Helen Joseph nachonso chili ndi kiliniki ya matenda a m'mawere. Ndikunena izi chifukwa cha inuyo, achemwali. Mayi amene m'bale wake wa bere limodzi anadwala khansa imeneyi amakhala pa chiopsezo chokulirapo kuposa ena, ndipo Jane anali ndi zaka 31 zokha. Muzidzipima nokha mwezi uliwonse, ndipo pa tsiku lanu lopuma pitani ku kiliniki yapafupi, mukawauze za akulu anu, akupimeni ndi kukuuzani nthawi yoyenera kujambulidwa.